Chimphepo Chimodzi, Madenga Awiri

Amayi, kodi mukupezako bwanji kumeneko?

Ife kuno tilipo, Mulungu akutisungabe. Ndangoweruka kumene ku tchalitchi, ndakhala pakhonde, ndipo nkhani zandichulukira mumtima pamene wozimvetsera mpaka kumapeto, monga munkachitira inu, palibe. Ngati mumaonana ndi ababa, muwauze kuti njinga yawo ija Yosefe akuipalasabe, ngakhale kuti wasintha zonse ndipo chimene chatsalapo cha iwo ndi belu lokha.

Ndiyambe ndi zokoma. Mlamu wanga, mkazi wa Yosefe, anachira mvula itangoyamba, mwana wamkazi. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akakwiya amakwinya nkhope ngati inu mutapeza mbuzi m'nazale. Achemwali a Maliya miyendo ija ikuwavutabe, koma mukuwadziwa, khasu salisiya. Chaka chino dzina lawo linatuluka pa makuponi a feteleza, ndipo anagawana ndi a Nyagondwe oyandikana nawo aja poti iwo anawadumpha. Chimanga cha kumtunda chabereka, cha kudambo chinamira. Yosefe ndiye anabwera kuchokera ku okushoni ya fodya osafuna kufunsidwa za mitengo. Anangotula chitenje cha mkazi wake ndi sopo wa mwana, n'kunyamula khasu wa kudimba. Koma ndamumva kale akufunsa za mbewu. Paja munkati fodya ali ngati mwamuna woipa: chaka chilichonse umalumbira kuti basi ndamusiya, koma mwezi wa nazale ukafika wayamba kale kumutungira madzi.

Nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya kuntchito. Munatisiya ndili wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sekondale yoyendera ino ya kufupi ndi Lukwa. Ahedi aja anapuma, ndipo mpando anandipatsa ine. Inde, Amayi, mwana wanu wobadwira m'kanyumba ka matenanti, lero makiyi a sukulu yonse amayenda m'chikwama mwake. Aphunzitsi anandipatsa dzina limene amalitchula ndikangotembenuka: Mayi Tifunsekaye. Sindikwiya nalo poti ndi loona. Nkhani ikabwera ndimayamba ndaizungulira, ndifunse uyu, ndifunse uyo, ndigone nayo. Ngakhale tizidutswa ta choko ndimatolera m'chitini. Ndinkayesa kuti ndi chibadwa changa chabe, mpaka zimene zinachitika mu Febuluwale zinandionetsa kumene ndinazitenga.

Cha kumpoto kwathu kuno, njira yopita ku Nkhamenya, kuli sekondale ina yonga yathuyi. Mphunzitsi wamkulu wake ndi a Nyirenda. Mukuwadziwa, Amayi. Ndi Wilisoni uja, mwana wa abwana eni esiteti imene inu ndi ababa munagwirako utenanti zaka zonse zija. Uja ankabwera pa holide kuchokera ku sukulu yogonera komweko, n'kumakhala kumbuyo kwa galimoto atavala nsapato ndi masokosi, ife tili pamzere wolandira phoso. Sanali mwana wamwano. Ankangotiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mitengo ya m'mbali mwa msewu. Ndinawazindikira tsiku loyamba lomwe pa msonkhano wa aphunzitsi akuluakulu. Iwo sanandizindikire, ndipo ine sindinanenepo kanthu. Anzathu onse amangowaitana kuti a Nyirenda, koma ine lilime linathamanga lokha, ndinangozimva ndanena kuti, “Mwadzuka bwanji, bwana?”

Pa ntchito ndi munthu wolimbikira, ndisawanamizire. Ana amawakonda. Koma nkhani amaigamula ngati akudula nzimbe: chikwanje kamodzi, yagwa.

Tsiku lina Lachisanu masana, ana ataweruka, kunabwera chimphepo chochokera kumadzulo. Chinagwetsa zigafa m'midzi, chinang'amba fodya m'minda, ndipo pa sukulu yathu chinasasula denga la Fomu 1 ndi Fomu 2. Malata tinakawatola m'minda ya anthu atapindika ngati masamba ouma. Mwayi wake palibe anavulala. Chimphepo chomwecho chinakasasulanso makalasi kwa a Nyirenda.

Loweruka m'mawa anatulukira pa njinga yawo yamoto. Anazungulira makalasiwo kamodzi, n'kuima patsogolo panga.

“Madamu, apa palibe chodikira,” anatero. “Ine kwanga ndalengeza kale, Fomu 1 ndi Fomu 2 akhale kunyumba mpaka denga libwerere. Akuluakulu a maphunziro ku Boma ndawaimbira, Lolemba ndikalawirira pakhomo pawo. Inunso chitani chomwecho. Khoma lonyowali likagwera mwana, mudzayankha ndinu.”

Ndinati, “Ndamva, bwana. Ndifunse kaye makolo.”

Anaseka, osati monyoza. “Makolo akuuzani chiyani? Ahedi ndinu. Gamulani. Mukalakwitsa mudzakonza.”

Atapita ndinakhala pa desiki yonyowa m'kalasi mopanda dengamo, mawu aja akundizungulira m'mutu. Mukalakwitsa mudzakonza. Amayi, kwathu tinakonzapo chiyani? Ndinakumbukira achemwali a Maliya tsiku limene anawabweza ku pulayimale chifukwa cha yunifolomu. Aphunzitsi anati ndi kwa sabata imodzi yokha. Unali mwezi ngati womwewo, fodya atapsa m'munda. Ababa anati athandizeko kuthyola poti manja apezeka. Kuthyola kunabala kusoka, kusoka kunabala kusankha, kusankha kunabala kudinda mabelo, ndipo pamene chaka chinkatha panali patafika kale ankhoswe. Inu ndi ine tikudziwa kuti wanzeru m'nyumba mwathu anali iwo, osati ine. Kuyambira pamenepo munkanditulutsa m'nyumba ngakhale mutu ukundiwawa, mukuti, “Ukagone pa desiki, bola usagone m'chigafa.” Ndipo mawu ena aja munkawanena mukupeta: wosauka salakwitsa kawiri, koyambako kamamukwanira.

Ndiye sindinatseke. Ana onse ndinawathithikiza m'makalasi awiri otsalawo, ena pansi, ena pawindo, n'kuitanitsa makolo. Tsiku loyamba anabwera ochepa poti aliyense ankadzutsa chigafa chake. Ndinaitanitsanso. Sabata inatha ndikuitanitsa. A Phiri ophunzitsa masamu analowa mu ofesi mwanga nkhope ili gwa, n'kunena kuti, “Madamu, kwa a Nyirenda akuti malata ali m'njira. Ife tikadali pa misonkhano.”

Makolo atasonkhana pansi pa mtengo wa mango, bambo wina anaimirira n'kunena zimene ndinkaopa. “Tibwerekeniko anawa, aphunzitsi. Fodya akutipsera m'munda. Denga likabwera tidzawabweza.” Amuna angapo anavomereza. Koma mayi wina wa cha kumpoto sanadikire n'kupatsidwa mpata komwe. Anati, “Yayi, bambo, yankhulirani wanu. Wanga mukamubweza kunyumba mwezi uno, ndiye kuti mwandipatsa mkamwini.” Anthu anaseka, koma azimayi sanaseke kwambiri. Tinakokana mpaka dzuwa kupendeka. Pamapeto pake bambo yemwe uja ankafuna kubwereka ana ndi amene anati, “Malata sitingawathe, koma chigafa ndiye palibe mwamuna pano amene sadziwa kumanga.”

Anamangadi, Amayi. Mphanda ndi mapaso anakadula okha. Udzu mu Febuluwale mukudziwa kusowa kwake: ena anamasula mipanda ya kubafa kwawo, ena anabweretsa pulasitiki wotsala pa zigafa zawo. Chinali chigafa chachitali, pakati anatchinga ndi mphasa, uku Fomu 1, uku Fomu 2. Mwambi wanu uja wakuti mutu umodzi susenza denga ndinauona ndi maso.

Ndisakunamizeni kuti zinali zokoma. Mvula ikabwera ndi mphepo inkalowa cham'mbali, makope n'kunyowa. Mawu a aphunzitsi awiri ankasakanikirana, mwana wa Fomu 1 n'kumayankha funso la Fomu 2. Chifuwa chinayenda pakati pa ana. Lolemba lililonse tinkayamba ndi kusesa zimene mbuzi zasiya. Koma ana ankabwera, ndipo ndikaima pakhomo m'mawa n'kuwaona akutuluka m'tinjira ta m'minda ya fodya, mtima unkakhala pansi.

Za malata ndiye ndi kumene mwana wanu anaonekera. Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku Boma, n'kufika ku ofesi ya maphunziro. Chitseko cha akuluakulu chinali chotseka, m'kati mukumveka mawu. Panja panali benchi. Ndinakhala. Palibe anandiuza kuti ndidikire, palibe anandithamangitsa. Anthu ankabwera, kugogoda, kulowa, kutuluka. Ine ndili phee, chikwama pamiyendo, ndikudziuza kuti akamaliza andiitana. Nditadziyang'ana bwino, ndinaona kuti ndakhala ndendende mmene munkakhalira inu kunja kwa ofesi ya pa esiteti, miyendo pamodzi, maso pansi, kudikira kuti ababa atuluke. Masana akuluakuluwo anapita ku msonkhano kwina, ine n'kubwerera chimanjamanja.

Ulendo wachiwiri ndinakhalanso pa benchi yomweyo. Ndiye kunatulukira a Nyirenda, atabwera ndi zawo.

“Madamu, mukudikira ndani?”

“Akuoneka kuti atanganidwa,” ndinatero.

“Amakhala otanganidwa tsiku lililonse. Tiyeni.”

Anagogoda kamodzi, kutsegula, n'kundilowetsa patsogolo. Akuluakuluwo anandilandira bwino kwambiri, mpando n'kundipatsa. Atamva nkhani yanga anagwira mutu. “Mayi, bwanji simunafike msanga? Masukulu osasuka ndi ambiri, malata amene tinali nawo tagawa kale. Muyenera kudikira ena.” Anabweradi malatawo, koma mvula itatha. Ana anga ananyowa mpaka dzinja kutha chifukwa mphunzitsi wawo wamkulu ankaopa chitseko.

Kwa a Nyirenda denga linakwera mofulumira, lonyezimira kuonekera kutali. Anaimba belu kuti Fomu 1 ndi Fomu 2 abwerere. Anabwerera, koma osati onse. Madesiki ambiri anali opanda eni, makamaka a atsikana ndi a ana a matenanti. Anatumiza uthenga kwa makolo, anaopseza, koma kunali zii. Tsiku lina ndinangoona njinga yamoto ija yaima pafupi ndi chigafa chathu. Anaima nthawi yaitali akumvetsera ana akuwerenga m'katimo, kenaka anabwera kwa ine.

“Madamu, ine denga ndili nalo koma ana ndilibe. Inu ana muli nawo koma denga mulibe. Chonde mundiperekeze kumidzi, mwina inu akakumverani.”

Tinapita Loweruka. Khomo loyamba linali la a Mvula, bambo wa mtsikana wa Fomu 2 dzina lake Tamala, amene a Nyirenda ankati ndi woyamba m'kalasi mwake. Tinawapeza m'chigafa akusoka fodya, Tamala ali pambali pawo, manja ali bii. Mtsikanayo atationa anabisa nkhope. A Nyirenda anaima chiimire, chipewa cha njinga m'manja, n'kuyamba kufotokoza za ufulu wa mwana ndi zimene lamulo limanena. A Mvula anawamvetsera osasiya kusoka. Atamaliza anangoti, “Munamubweza ndinu, aphunzitsi. Ine sindinakamutenge.”

Ine miyendo inali itatopa ndi njinga, ndiye ndinakhala pansi pafupi ndi mulu wa fodya. Singano inali pomwepo. Sindikudziwa kuti ndinaitola nthawi yanji, ndinangoona manja akusoka okha, ndipo fungo lija linandibwezera kutali. Tinayamba kucheza za chimphepo, za makuponi amene a Mvula anawadumpha, za mkazi wawo amene anali kuchipatala akudwazika mwana wamng'ono. Za Tamala tinazifika mochedwa. Bamboyo sankadana ndi sukulu ayi. Anati, “Mayi, ndikamulola, fodyayu andisokera ndani? Akaolera pansi apa, chaka chamawa ngakhale kope lomwelo ndidzaligula ndi chiyani?”

Ndinali ndikuganizabe poyambira pamene a Nyirenda, amene tsopano anali atakhala pa chitsa, anayankha. “Chabwino. Kuyambira Lolemba mpaka fodya atatha, sukulu yanga iziyamba m'mamawa, iziweruka dzuwa lili paliwombo. Masewera ndi ntchito za masana ndaimitsa. Masana onse mwana ndi wanu, m'mawa ndi wanga. Mwavomera?”

A Mvula anawayang'ana koyamba m'maso. “Mukatero ndiye tamvana.”

Amayi, chinthu chimenecho ine chikananditengera misonkhano itatu. Iwo anachigamula atakhala pa chitsa, ndipo chinali cholondola. Tamala anabwerera, ndi ena ambiri amene tinawayendera tsiku limenelo ndi Loweruka lotsatira. Koma osati onse. Banja lina la matenanti tinapeza litasamuka, kanyumba kali pululu. Pakhomo lina mayi anatiyalira mkeka, n'kutiuza maso ali pansi kuti mwana wawo analowa m'banja sabata zapitazo, ali kwa apongozi ake. Tinatsanzika. A Nyirenda anayenda mpaka pa njinga, n'kuima pamenepo osailiza. Anati, “Ndinkayesa kuti ndi masabata ochepa chabe.” Ndinati ndikudziwa.

Pobwerera tinaima pa mjigo kuti ndisambe m'manja, poti utomoni wa fodya unali utandimata. Iwo ankapopa, ine ndikutsuka ndi mchenga.

“Koma Madamu, kusoka kuja munakuphunzirira kuti?” anafunsa. “Manja amenewo si a munthu wongoonera.”

Ndinaganiza zongoseka n'kuidutsa nkhaniyo. Koma ndinati, “M'chigafa cha abambo anu.”

Mjigo unaima. Ndinawauza kuti ndine mwana wa a Banda, amene ankakhala mzere wa kumunsi, kufupi ndi damu. Ndinawauza za galimoto ija, za masokosi aja, za mzere wa phoso. Anayesetsa, Amayi, ndinaona nkhope yawo ikufunafuna. Anatchula Banda wina wamtali woyendetsa thirakitala. Ndinati si ameneyo. Anatchula wina. Kenaka anagwetsa manja n'kunena kuti, “Pepani. Sindikuwakumbukira.”

Ndinkayesa kuti tsiku limene ndidzamve mawu amenewo ndidzapsa mtima. Sindinapse. Anali mwana, monga ndinalili mwana ine. Tinakhala pa simenti ya mjigowo, ndipo anayankhula motsitsa. “Kwathu ndikaswa kanthu, mawa kunkabwera kena. Ndipo ndinakula ndikudziwa kuti kuseri kwa chitseko chilichonse kuli munthu amene anadyapo kunyumba kwa adada. N'chifukwa chake ndimangolowa. Sindinaganizepo kuti ndi chinthu chochita kupatsidwa.”

Ndinati, “Ife tikaswa kanthu ndiye kuti kasweka. Ndipo kuseri kwa chitseko kunkakhala munthu woti atiuze zimene talakwa.”

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira. Tonse awiri tinaphunzira mabuku amodzimodzi, tinalemba mayeso amodzimodzi, malamulo a sukulu amene tili nawo m'maofesi mwathu ndi amodzi. Koma denga litasasuka, palibe anatsegula buku. Aliyense anathamangira kwawo kumene anakulira. Iwo anachita monga mwana amene sanaonepo chinthu chikutayika osabwereranso, ine ndinachita monga mwana wanu. Mantha amene munandipatsa anasunga ana m'sukulu, ndipo mantha omwewo anawanyowetsa. Sindikukudandaulirani ayi. Munandipatsa chimene munali nacho, ndipo chinali chokwanira kundifikitsa pano. Chotsalacho ndiyenera kuphunzira ndekha, ndi imvi zomwe zayambazi. Masiku ano a Nyirenda akafuna kubweza mwana kunyumba amayamba andiimbira. Inenso sabata yatha ndinapita ndekha ku Boma kukapempha mphunzitsi wa sayansi. Pa benchi paja sindinakhale, ndinagogoda.

Chimene sindinakuuzeni ndi mmene tinasiyanirana pa mjigo paja. Tisanakwere njinga anandifunsa kuti, “Nanga amayi anu, dzina lawo anali ndani?” Ndinazindikira kuti pa esiteti yonse ija palibe anafunsapo funso limenelo. Munali mkazi wa Banda basi. Ndinati, “Anali a Elina Nambewe.” Anavula chipewa chija n'kubwereza pang'onopang'ono, “A Elina Nambewe.” Ndinatembenuka ngati ndikukonza chitenje, kuti asaone maso anga.

Ndiye mverani, Amayi. Mvula isanagwe chaka chino ndikumangirani chiliza, ndipo dzina lanu lidzalembedwapo lonse, zilembo zikuluzikulu zoti munthu aziwerenga ali chiimire. Izi sindinafunse munthu. Yosefe ndi achemwali ndikangowauza tsiku.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani masiku onse. Pumulani bwino.

Ndine mwana wanu,
Estere